Nyali za m'njira ya amayi a Felista

Lolemba. Tsiku la 41 chipitireni amayi a Felista ku Lilongwe kukasamalira mwana wathuyo ndi khanda lake.

Aimba foni. Abwera Loweruka, minibasi yamadzulo. Masiku asanu basi!

Koma nyali za m'njira sizikuyaka. Zilipo zisanu, pa timitengo, kuchoka pamsewu kufika pakhonde. Anaika ndi akamwini chaka chatha, waya anamukwirira pansi kuchokera ku batire ya sola, chifukwa maso a amayi saona bwino kukamada. Ine ndekha sindiziyatsa, njira ndimaidziwa. Lero ndayesa. Zii!

Ziyake pofika Loweruka.

Lachiwiri. Tsiku la 42.

Mwina ndi mababu. Ndikuchotsa limodzilimodzi n'kumaliyesa m'nyumba. Onse asanu akuyaka bwinobwino. Pobwezera, limodzi landipulumuka, lagwera pamwala. Phwa! Zala zauma ndi chisanu cha kunochi.

5 kuchotsa 1, atsala 4.

Lachitatu. Tsiku la 43.

Ndiye kuti ndi batire. Ndaimanga panjinga mpaka ku Chimbiya. Zitunda zitatu ndachita kukankha. Wokonza mawailesi waiyeza, akuti: “Bambo, batire iyi ili ndi mphamvu kuposa inuyo.”

Ndakhalako pang'ono m'mbali mwa msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa mbatatesi. Maminibasi ochokera ku Lilongwe ndawerenga 9. Ndikudziwa kuti lero ndi Lachitatu. Ndimangoona anthu akutsika.

Pobwerera, pa chitunda chachiwiri, ndakumbukira kuti dzulo mababu aja amayaka ndi batire yomweyi.

Lachinayi. Tsiku la 44.

Aneba anga a Kamwendo atsamira mpanda: “Ndi mfuko ameneyo, achimwene. Kumbani muone.”

Ndikukumba motsata waya. Tsoka lake, waya wadutsa pansi pa kadimba ka amayi. Zowonongeka:
anyezi 38
mzere umodzi wa maluwa amene amakaika paguwa kutchalitchi
msana wanga

Ndapeza! Waya waduka pawiri, pakati palibe chidutswa chotalika mikono iwiri. Waduka mosalala. Mfuko alibe chikwanje.

Ndakhala pansi. Mwezi watha polambula njira ndinaona waya atatulukira m'dothi. Ndinati, waya wabwino chonchi anthu angomutaya? Ndinamudula n'kukamangira chitseko cha khola la mbuzi.

A Kamwendo afunsa ndapezanji. Ndati mfuko ndithu.

Lachisanu. Tsiku la 45.

Ndamasula waya pakhola. Ndalumikiza, ndakulunga ndi mphira ya chubu chakale cha njinga, ndakwirira. Dzuwa litangolowa ndayatsa. Zayaka! Zinayi zonse! Ndaima pamenepo ndikungomwetulira ngati wopusa. Ndikanakonda amayi akanaona.

Chitseko cha khola ndinangochitsamiza. Mbuzi zitatu, mphindi zosakwana makumi awiri. Mzere wachiwiri wa maluwa watsala timitengo tokhatokha.

Loweruka. Tsiku la 46.

Ndadzuka tambala asanalire. Ndasesa bwalo kawiri. Ndatsuka makapu awiri, ngakhale imodzi inali yoyera kale. Anyezi ndawabzalanso, akugona chammbali ngati odwala. Ndasamba, ndavala malaya abuluu amene amati amandikhala.

Folo koloko, foni. “Abambo a Felista, mdzukulu wathuyu akutsokomola, sindingamusiye. Ndikhalako masabata ena awiri. Mukudya koma? Maluwa anga mukuthirira?”

Ndati ndikudya. Ndati ndikuthirira. Sindinaname, timitengo tija ndikuthirira ndithu.

Za nyali sindinanene.

Lamulungu. Tsiku la 47. Atsala 13, ngati chifuwa chilola.

Kutchalitchi paguwa pali maluwa a anthu ena. Amayi a m'limana lathu andifunsa kuti anzathu afika? Ndati ali m'njira.

Nkhungu yatsika msanga lero. Ndayatsa nyali, poti zinakonzedwa kale. Ndapita mpaka pamsewu, ndatembenuka, n'kuyamba kubwera pang'onopang'ono ngati munthu wotsika minibasi, kuti ndione zimene adzaone. Njira ikuoneka bwino. Pakamtengo kopanda babu pali kamdima, ndi pomwe pali muzu wa mkungudza. Mawa ndiudula, angadzapunthwe.

Pakhonde ndati odi, chapansipansi. Ndadikira pang'ono. Kenako ndadziyankha ndekha kuti lowani.