Nyumba Yobwereka Chifukwa cha Tofi

Mpaka lero ndikamadutsa pamsewu wa a Kamwendo ndimayang'ana kumbali ngati ndikuwerenga zikwangwani. Iwowo sanandilakwire. Wopalamula ndine, ndipo ndinapalamulira galu, ine amene kwathu ku Ntcheu galu akangondiyandikira ndinkawerama kutola mwala.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Bolton. Mmodzi mwa iwo anali bambo Harold, mzungu amene akazi awo anamwalira kalekale, ndipo ankakhala awiriwiri ndi kagalu kofiirira dzina lake Tofi. Tsiku loyamba ndinakana kulowa mpaka atakatsekera kubafa. Koma zaka ziwiri si masewera. Tofi anayamba kundidikirira pawindo, ndikamaphika phala ankagona pamapazi anga, ndipo tsiku lina ndinangozindikira ndikumulankhula Chichewa (ankamvetsera bwino kuposa ana a kutchalitchi kwathu obadwira kuno).

Kenako a Harold anagwa pamasitepe, ndipo madokotala anati sangakhalenso okha. Anawapezera malo kunyumba yosungira okalamba, kumene galu amaloledwa kudzacheza koma osati kukhala. Tofi anapita kumalo osungira agalu osowa mwini. Tsiku losamuka, a Harold anandigwira dzanja.

"Ukamutenge Tofi," anatero. "Uzibwera naye Lamlungu ndizidzamuona."

"Musadandaule, ndikamutenga," ndinayankha mosaganiza kawiri, chifukwa ndinkaganiza zakwathu. Kwathu galu umangopempha kwa aneba, amakupatsira m'katoni, nkhani yathera pomwepo.

Loweruka ndinapita kumalo aja chingwe chili m'chikwama. Mtsikana wa pakauntala anamwetulira mwachisoni n'kundipatsa fomu yokhuthala kuposa ya viza. Anati chithunzi cha Tofi chitangoikidwa pa intaneti, anthu anayamba kumulimbirana, ena ochokera ku Leeds, ndipo adzayendera makomo a onse ofunsira asanasankhe mmodzi. Galu wosowa mwini, koma omufunsira ngati mwana wamkazi wa abusa. Ndinabwerera ndi chingwe changa.

Apa m'pamene ndinakafunsa nzeru kwa Chisomo, mnzanga wa kuntchito, amene sanawetepo ngakhale nkhuku koma amadziwa chilichonse.

"Azungu awa amafuna gadeni ya mpanda," anatero. "Ukalemba kuti ulibe, apulikeshoni yako ikathera mu bini. Ndipo usakayerekeze kulemba zoti galu azigona pakhonde, akumangitsa. Lemba kuti azigona kuchipinda kwako."

Ine ndimakhala m'kanyumba ka pamwamba pa malo ometera tsitsi. Gadeni yanga ndi chitini cha anyezi pawindo. Komabe pafunso la gadeni ndinachonga kuti inde, pa malo ogona galu ndinalemba kuchipinda kwanga, ndipo pa adiresi ndinalemba ya a Kamwendo. Fomu nditapereka, anandiuza kuti woyendera makomo abwera Lachitatu.

A Kamwendo ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Iwo ndi mayi Kamwendo ndiwo anandilandira nditangofika kuno, ndinagona pasofa pawo mwezi wathunthu, ndipo ndimawaona ngati makolo anga. Ali ndi nyumba ya masitepe, ndipo kuseri kuli kabwalo ka mpanda kumene mayi amalimako chomoliya. Bambowo sindinawauze kanthu (misala ndinali nayo, koma osati yofika pamenepo). Ndinanyengerera mayi okha.

"Ndiye kuti ukufuna kubwereka nyumba ngati akubwereka mbale?" anafunsa, misozi ya chiseko ili mbwe. "Chabwino. Bambo ako Lachitatu achokera shifiti ya usiku, ndipo akagona olo uimbe ng'oma sadzuka. Mlendo wakoyo akangoona gadeni azipita. Ine ndikhala azakhali ako obwera kudzacheza."

Lachiwiri tinachotsa pakhoma zithunzi za ukwati wawo n'kuzibisa kuseri kwa sofa. Ndinabwerera kwathu mtima uli m'malo, ndikudziona wochenjera.

Lachitatulo basi inachedwa. Ndinafika pakhomo la a Kamwendo nthawi imodzi ndi mayi woyendera makomo uja, mzungu wa jekete lobiriwira atanyamula kabuku. Tinapatsana moni, ndinamuuza kuti takulandirani kwathu, ndipo ndinatembenukira chitseko n'kuomba m'manja pang'ono.

"Odi kuno!"

Mayiyo anandiyang'ana. Ndinamuuza kuti makiyi ndawasiyira azakhali. Mayi Kamwendo atatsegula, mawondo anga anapindika okha powapatsa moni, ndipo ndinavula nsapato n'kuima pakhomo kudikira kuti andiuze pokhala. M'nyumba yanga yomwe.

Ndinati ndimuphikire tiyi mlendo. Ndinatsegula kabati yoyamba, munali ufa. Yachiwiri munali mankhwala ochapira. Makapu ndinkadziwa pamene ankakhala kale, koma mayi anali atasintha zinthu chaka chatha. "Kumanja, pamwamba," anatero azakhali obwera kudzacheza aja ali pasofa. Tiyi atapsa, ndinayamba kupereka kwa mayi Kamwendo nditagwada, kapu ndi manja awiri, kenako ndinakhala pansi pakapeti pamene mipando iwiri inali yopanda munthu. Mzungu uja ankangolemba m'kabuku kake.

Gadeni anaikonda. Chitseko chopitira kumeneko ndinalimbana nacho kanthawi, ndikukankha pamene chimafuna kukoka, koma atatuluka anayamikira mpanda ndipo anafunsa dzina la ndiwo zija. Ndinayamba kupuma bwino. M'maganizo ndinali nditamuona kale Tofi akuthamanga Lamlungu kupita kwa a Harold.

Tikulowanso m'nyumba, mzungu uja anatsegula fomu yanga.

"Mwalemba kuti azigona kuchipinda kwanu," anatero. "Tingakaone?"

Zimenezi ndinali nditaziiwaliratu. Ndinayang'ana mayi Kamwendo, iwo anayang'ana kudenga. Ndinakwera masitepe ngati ndikupita kukabayitsa jakisoni, mzungu ali pambuyo panga. Pamwambapo pali bafa, kachipinda kodzaza masutikesi ndi katundu wodikira kutumizidwa kumudzi, ndi chipinda cha eni nyumba. Panalibe pena poloza.

Inu amene munaleredwa ngati ine mukudziwa kuti kuchipinda kwa makolo sikulowedwa. Mwezi wonse umene ndinakhala m'nyumba imeneyi, chitseko chimenecho sindinachikhudzepo ngakhale posesa. Bodza la gadeni ndinalikwanitsa, la adiresi ndinalikwanitsa, koma apa miyendo inakana. Ndinaima patali ndi chitseko manja ali kumbuyo.

"Muli bwino?" anafunsa mzungu.

"M'chipindamo simunasesedwe," ndinatero.

"Palibe vuto, ine ndimaona zambiri."

Ndipo ndinachita chinthu chokhacho chimene thupi langa limadziwa kuchita pachitseko chimenecho. Ndinagwada n'kugogoda.

Munthu amene sadzuka ndi ng'oma uja anadzuka ndi kugogoda kwa chala chimodzi. Chitseko chinatseguka, ndipo a Kamwendo, mkulu wa mpingo amene ndinali ndisanawaonepo opanda tayi, anaima pamenepo atavala vesiti ndi chitenje cha akazi awo m'chiuno. Anayang'ana ine pansi, anayang'ana mzungu, anayang'ananso ine.

"Mwana wanga, kwagwanji?"

Mzungu uja anatsegulanso fomu. "Pepani, apa munalemba kuti mumakhala nokha. Awa ndi amuna anu?"

"Ndi anga amenewo!" anayankha mayi Kamwendo ali pansi pa masitepe, m'Chingerezi chomveka bwino, ataiwala kuti ndi azakhali obwera kudzacheza.

Ndinalakalaka kapeti ija itang'ambika ndilowe pansi. A Kamwendo anapempha kuti akavale malaya. Atatsika, anaona misomali yopanda zithunzi pakhoma, anapenya kuseri kwa sofa, n'kuyamba kupachika zithunzi zawo chimodzichimodzi. Ine ndinaulula zonse ndili chilili: za a Harold, za lonjezo, za chitini cha anyezi.

Mayi wa kabuku uja sanakwiye, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri. Anatseka kabuku kake n'kulankhula motsitsa mawu.

"Tofi ndi wokalamba. Safuna gadeni, amafuna kuyenda pang'ono ndi munthu amene amamudziwa. Mukanatiuza kuti mwakhala naye zaka ziwiri, bwenzi muli oyamba pa onse. Koma fomu yabodza sindingapite nayo patsogolo."

Za zaka ziwirizo sindinalembe paliponse. Chisomo sanandiuze kuti n'zofunika, ndipo ine ndinkaona ngati wantchito kunena kuti amagwirizana ndi galu wa abwana n'chinthu chochititsa manyazi.

A Kamwendo anandiperekeza kokwerera basi monga amachitira nthawi zonse. Ndinkadikira ulaliki, ndipo ndikanaulandira ndi manja awiri. Iwo anangoti, "Lamlungu usajombe kutchalitchi," n'kubwerera kukagona.

Tofi anatengedwa ndi banja lina la ku Leeds. Lamlungu lotsatira ndinajomba kutchalitchi, koma kwa a Harold sindikanathawa. Ndinawapeza atakhala pawindo, pamwendo pali kathumba ka masikono a galu. Anayang'ana manja anga, kenako pansi kumbuyo kwanga.

"Ali kuti?"

M'basi monse ndinali nditakonza yankho labwino, loti Tofi ali ndi chimfine abwera sabata yamawa. Linafika mpaka pamilomo (mukuona kuti munthu saphunzira msanga). Koma ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, kuyambira odi mpaka vesiti. Pa vesitipo anaseka mpaka kutsokomola, nesi anachita kusuzumira. Kenako chiseko chinatha, ndipo anayang'ana panja.

"Kumeneko ali ndi gadeni?"

"Akuti ali nayo, yaikulu."

"Sakonda udzu wonyowa," anatero.

Anandipatsa kathumba ka masikono kaja kuti ndikapatse galu wina aliyense. Sindinapatse aliyense. Kali pawindo pafupi ndi chitini cha anyezi, ndipo Lamlungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndimakwera basi kupita kwa a Harold ndekha. Ndikalowa, amayambabe ayang'ana pansi kumbuyo kwanga, kenako n'kundipatsa moni.