Khadi loti ndione mphuno ya Tadala

Lolemba
Mkazi wanga watumiza chithunzi cha Tadala. Mwana wanga, zaka ziwiri, anabadwa ine ndili kale kuno ku Cape Town. Foni ya amake ndi yachikale, nkhope yangoti mbuu. Akuti mphuno ndi yanga. Ndikufuna ndidzionere ndekha.

Lachiwiri
Kompyuta imene anandipatsa abwana a ku Camps Bay ikuchedwa ngati minibasi yodikira kudzaza. A Phiri, okonza mafoni kuno ku Mfuleni, akuti: "Achimwene, vuto ndi graphics card. Mukaika khadi, zithunzi zimawala." Pulani:
- kugula khadi
- kumuwalitsa Tadala
- kudziika ine pambali pake
- kutsukitsa, kupachika pakhoma

Lachitatu
Ndagula khadi la kaunjika ku Bellville. Chikhadi ngati njerwa, mafani awiri! M'kompyuta silikukwana. Ndachotsa chitseko cham'mbali, mawaya onse ali pamtunda.

Lachinayi
Ndikuyatsa, magetsi thii, nyumba yonse. Mayi eni nyumba akukalipa m'Chixhosa, ine ndikungomvapo "Malawi". A Phiri akuti aiwala kundiuza: khadi limafunanso bokosi la mphamvu lalikulupo. A Phiri amakumbukira zinthu chimodzichimodzi.

Lachisanu
Ndikudulira maluwa kuntchito. Adona, akazi a abwana, amajambula maukwati, ndiye ndawafunsa. Akuti khadi limangofulumizitsa ntchito, silingawonjezere zimene kamera sinaone. Ndavomera mwaulemu. Mumtima ndikuti azungu sadziwa zonse.

Loweruka
Bokosi lafika, kompyuta yayaka! Mafani akulira ngati chigayo. Chithunzi chikutseguka nthawi yomweyo. Ndikukulitsa nkhope: timabokosi tofiirira. Ndikukulitsabe: timabokosi tikulutikulu. Mbuu yemwe uja, kungoti tsopano akubwera mwachangu. Ndadziika pambali pake. Ine ndikuoneka mpaka ndevu iliyonse, mwana wanga ngati utsi. Ndamusowa mwana amene sindinamunyamulepo.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ubwino wa khadi mpaka lero:
- chipinda chikufunda
- masokosi akuuma msanga
A Phiri akulifuna kuti azisewerera magemu, atenge mawa. Adona ananena zoona, koma sindikawauza.
Ndisanazimitse ndayesa njira ina. Tadala ndamusiya momwe alili, ndafifiritsa nkhope yangayi mpaka nayonso yati mbuu. Ndabwerera m'mbuyo, ndatsamira chitseko, ndikuyang'ana.
Amake sananame. Mphuno ndi yomweyo.