Ndege Yanga Inalowa Pansi pa Lilongwe

Nkhani iyi ndinawapempha amayi kuti asamaikambe, koma mudzi wathu wonse ukuidziwa kale. Bola manyazi angawo ndiwafotokoze ndekha.

Nditayamba Fomu 1 kwathu ku Mayani, ndinalowa kalabu ya makompyuta ndisanaigwirepo kompyuta chibadwire. Aphunzitsi athu, a Chimbalanga, anatiphunzitsa pulogalamu yosafuna kulemba zambiri: umangokoka timabokosi pasikirini n'kutilumikiza ndi timizere ngati mawaya. Anzanga anapanga magemu. Ine ndinapanga mawotchi amene payiloti amayang'ana kutsogolo kwake, makamaka ija amati altimeter, yosonyeza kuti ndege yakwera mamita angati.

Ndinali ndi chifukwa. Ku Lilongwe kunali mpikisano wa masukulu, ndipo wopambana akamutenga kukakhala pampando wa payiloti m'ndege yeniyeni. Ine ndege ndinkangoiona ngati kadontho ndikupalira kachewere.

A Chimbalanga anandibwereka kasensa koyeza mpweya. Nditakalumikiza, muvi unazungulira n'kukaima pamamita opitirira sauzande. Kasensako kali phee patebulo!

"Sala, kakunama aka. Kakuti tili m'mwamba."

"Ganiza bwino, Tadala," anatero akuthamangira belu.

Ndinaganizadi bwino. Ndinakoka kabokosi ka minasi n'kuchotsa nambala yonseyo. Muvi pa ziro, ndendende! Ndinaikanso alamu yoti muvi ukatsika pansi pa ziro, sikirini izifiira ndipo mawu azichenjeza. Mawu anga ndinachita nawo manyazi, ndiye ndinajambula amayi pafoni. Iwo sanakane ayi, anakuwa ngati kwalowa njoka m'nyumba.

Tsiku la mpikisano abambo anavala jekete lawo lakutchalitchi n'kundiperekeza. Holo inadzaza. Mkulu wa oweruza anali mayi wina amene anayendetsa ndege zaka zambiri.

"Tiwonetse, mwana wanga," anatero.

Ndinayatsa. Sikirini psuu!

"Mayo ine! Tikugwa! Mayo ine! Tikugwa!"

Mawu a amayi holo yonse. Muvi unali mamita mazana angapo pansi pa ziro.

Anthu kuseka. Ine thukuta kamukamu. Ndinanyamula kasensa pamwamba pa mutu kuti ndege ikwereko. Palibe. Ndinakwera pampando. "Mayo ine!" Ndinakwera patebulo, dzanja m'mwamba, ine amene ndimalephera ngakhale kukweza mkono m'kalasi! A Chimbalanga anangogwira kumutu.

"Tsika usanathyoke," anatero woweruza uja akupukuta misozi. "Ngakhale ukwere padenga sufika. Ndegeyi ikukumba chitsime kapena? Ziro wako unamuika kuti?"

"Patebulo, madamu."

"Tebulo lakuti?"

"La ku Mayani."

Anaseka mpaka kutsamira khoma. Kenako anafotokoza kuti kasensa kaja sikananame. Kamawerenga kuyambira kunyanja yamchere, ndipo ife a ku Dedza timakhala kumtunda kwenikweni. Pobwera ku Lilongwe tinachita kutsika, ine ndili ndi ziro wakumapiri m'chikwama.

"Ngakhale ife ziro timamusintha tikafika pabwalo lina," anatero. "Pamakhala kabatani kopotokola. Ungakaike pano, anthu akuona?"

Ndinakoka kabokosi ka batani, n'kudula kamzere kopita ku minasi yanga ija, n'kulumikiza kwatsopano. Ndinapotokola pang'onopang'ono. Muvi unayamba kukwera, kukwera, mpaka pa ziro. Kufiira kunachoka. Amayi anathera pakati: "Mayo i..." Zii.

M'manja munawombedwa! Woweruza anatembenukira anzake.

"Enawa zawo zayenda bwino, sindikukana. Koma ine m'ndege ndimafuna munthu wokonza zinthu pamene alamu ikulira. Mpando uja akakhalepo ndi uyu."

Ndinangoyang'ana nsapato zanga, koma mumtima ndinali nditanyamuka kale.

Apo abambo anayandikira, chipewa m'manja, n'kuwerama mwaulemu.

"Pepani madamu, ine ndi bambo ake. Kabatani kamene kawakhalitsa chete amayi akewa, kodi kamagwira pakompyuta pokha? Chifukwa ine zaka zonsezi ndakhala ndikukafunafuna."

Mukamachoka kwanu anzanga, nyamulani chilichonse, koma ziro wakwanu muzimusiya komweko.