Kompyuta Ikukana Disiki ya Abambo

Lolemba

Amayi afika masana kuchokera ku Blantyre. Akukhala kwa mlongo wanga Enelesi chiyambire vuto la maso. Loweruka tikuvundukula chiliza cha Abambo.

M'chikwama mwawo muli disiki ya chinkhoswe cha Enelesi. Yakulungidwa mu mpango, mpango uli m'jumbo, jumboyo ili m'jumbo inzake. Abambo ali mmenemo. Kwina kulikonse mawu awo kulibe.

Amayi akuti: "Kuona sindionanso bwino. Koma ndingowamvako."

Kwa Enelesi choonetsera madisiki chinafa kalekale. Kompyuta yokhala ndi kathireyi ka disiki, banja lonseli, ili ndi ine ndekha. Ndi yakale, koma sola yathu imayiyendetsa bwinobwino: mapanelo awiri padenga, batire limodzi pansi pa tebulo.

Pulani ya Loweruka:
1. Tikachoka kumanda, alendo onse pabwalo.
2. Kompyuta pakhonde, sipika pawindo.
3. Ine ndinene mawu ochepa.
4. Abambo alankhule.

Kutchalitchi ndalengeza kale. A ku Zobue, kwawo kwa Abambo, ndawauza pafoni.

Madzulo ndiyeserera. Disiki yalowa. Fwiii! Kenako thii, mdima. Kompyuta yayakanso yokha, ikundipatsa moni ngati sitinaonane lero. Kachiwiri, chimodzimodzi.

Mkazi wanga, a Nambewe, ali pakhomo: "Kunjatu kulibe dzuwa, chiperonichi." Ndawayankha kuti kompyuta si mphale yoti tiyanike pamkeka. Ine ndinaphunzitsa sayansi Sitandade 8 mpaka kupuma ntchito.

Lachiwiri

Chiperoni. Phiri silikuoneka.

Zomwe ndayesa:
- kuuzira fumbi m'kathireyi
- kupukuta disiki, Amayi atandigwira mkono
- kuyilowetsa pang'onopang'ono
- kuyilowetsa modzidzimutsa
- kuigoneka kompyuta chammbali
- kuilankhula bwino

Zonse thii.

Pakufunika disiki ina kuti ndidziwe wolakwa. Mudzi wonse uno ili ndi a Tobiyasi a kabaza okha, anaimangirira kumbuyo kwa njinga kuti iziwala galimoto zikamabwera. Amasula monyinyirika. Ili ndi bowo lachiwiri la msomali, koma disiki ndi disiki. Yalowa. Fwiii. Thii.

Ndiye kuti disiki ya Amayi ilibe mlandu. Amayi akuti ankadziwa kale.

Mawa ku boma.

Lachitatu

Disiki Amayi akana nayo. Ndapempha mwaulemu, ndafotokoza kuti ku boma angathe kuikopera pa fulashi. Amayi: "Zithunzi za ukwati wathu zinatuluka choncho, ati zikakulitsidwe. Zili kuti?" Amene anazitenga ndine.

Kompyuta yakwera kabaza ya a Tobiyasi, yofunda bulangeti langa. Ine kabaza ina pambuyo, mvula yowaza kumaso. Pachitunda chachikulu tonse tatsika kukankha, yokhayo ili phee pampando.

Wokonza mafoni pafupi ndi msika wailumikiza pakhoma. Waika disiki yake. Ikuyenda! Yachiwiri, ikuyenda. Yachitatu, anthu akuvina, odutsa aima kuonerera.

"Ilibe vuto iyi, madala. Kwanuko magetsi ake ndi otani?"

Madala ndani? Ndamuuza kuti magetsi ndi magetsi, ndipo sindinabwerere mafunso. Mwina inkangofuna kugwedezeka panjira. Zimachitika.

Ndagula manachesi a alendo. Kunyumba ndalengeza kuti yachira. Sindiyesa lero, ipume.

Lachinayi

Fwiii. Thii. Katatu.

Ndiye ku boma inkangondichititsa manyazi basi?

Alendo ayamba kufika. A ku Thambani pa pikapu, a ku Zobue masana. Aliyense moni wake ndi umodzi: "Mwaswera bwanji, potchajira pali pati?" Mafoni asanu ndi awiri pansi pa tebulo, onse akuyamwa batire.

Bambo aang'ono a Domingo, mng'ono wawo wa malemu, aonerera kompyuta ikuzima ndi kuyaka. Agwedeza mutu. "Achimwene sankakonda kujambulidwa. Akukana. Pronto, basi." Ndawauza kuti izi ndi za sayansi. Andifunsa kuti nanga sayansiyo yati chiyani. Ndatuluka kukaona mbuzi.

A Nambewe ayang'ana kumwamba, ayang'ana batire, ayang'ana ine. Ndikudziwa zomwe akufuna kunena. Asanene.

Amayi akusenda nachesi pakhonde, akulankhula ngati akudziuza okha: "Nkhope ndikuikumbuka. Mawu ndi amene akundithawa. Ndayamba kuiwala momwe ankandiitanira."

Zandipweteka zimenezi. Lamulungu masana akubwerera ku Blantyre ndi disiki yawo.

Lachisanu

Chiperoni chomwechi. Zovala zochapa Lolemba sizinaumebe.

Pakhomo piringupiringu. Thobwa, nkhuni, mbuzi yapita. Enelesi wafika, funso lake loyamba: "Achimwene, filimu ija ilipo?" Ilipo. Kuonetsa kwake ndiye nkhani ina.

Pansi pa tebulo: mafoni khumi ndi atatu, tochi, wailesi, ndi makina ometera a mlamu wanga. Nyali ya pabalaza ikuwala ngati ikudwala.

Malangizo omwe ndalandira lero:
- a mkulu wa mpingo: tiipempherere (taipempherera)
- mlamu: ndiimenye pambali (ndaimenya)
- azakhali: ikumva kuzizira, ndiifunditse
- a Domingo: ndikawauze malemu kaye, sungaonetse munthu pagulu osamupempha

Za a Domingo ndaseka. Kenako ndapita kumanda, ati kukaona ngati amisiri amaliza matailosi. Ndaima pamenepo, ndanong'ona: "Abambo, ndi za Amayi izi, lolani." Mmisiri wandimva. Wayang'ana kumbali, munthu waulemu.

Masana ndatsegula kompyuta ndi mpeni. Mkati muli chisa cha mavu, chadothi, chachikulu bwino! Ndachinyamula kuonetsa aliyense pabwalo. Wolakwa uja ndi uyu! Azimayi aimba nthungululu.

Ndatseka. Sikuluwu imodzi yatsala, sindikudziwa kwawo.

Fwiii. Thii.

Loweruka

Kumanda zonse zayenda bwino. Nsalu yachotsedwa, dzina lalembedwa molondola, kwaya yaimba. Amayi apapasa zilembo ndi zala. Ndalira pang'ono.

Pabwalo anthu adzaza, ena pamikeka, ana mumtengo wa mango. Ndinayenera kunena kuti zalephereka. Sindinanene. Mumtima ndikuti mwina pagulu ichita manyazi.

Mawu anga ochepa atenga theka la ola. Ndamaliza ndi akuti: "Tsopano timve mwini wake."

Disiki yalowa. Anthu zii. Fwiii. Thii.

Poyakanso, kanyimbo kake ka moni kamveka pa sipika mudzi wonse. Ana aomba m'manja, akuyesa ndi poyambira filimu. Kachiwiri. Kachitatu amayi ena a kwaya ayamba kukang'ung'udza, agawana kale mawu.

A Domingo: "Ndinanena ine."

Wina wafuula kuti chakudya chapsa. Bwalo lonse nyamu! Sindinaonepo anthu akundimvera chisoni mwachangu chotere.

Atsala Amayi okha pampando, khutu atalozetsa ku sipika. Akhala choncho mpaka Enelesi wabwera kudzawadzutsa. Pondidutsa andigwira phewa: "Wayesetsa, mwanawe."

Bola akanandikalipira. Nyama sindinadye.

Lamulungu

Alendo anyamuka m'mawa ndi mafoni awo. Kumwamba kwayera, dzuwa phwee, phiri labwerera pamalo pake. Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Mwana wina wandiimbira kanyimbo ka moni kaja.

Pobwera ndapeza a Nambewe akutsika pamakwerero ndi chiguduli, apukuta mapanelo. Pansi pa tebulo azula chilichonse, yatsala kompyuta yokha. Amayi atambasula kale mpango, akufuna disiki yawo. Pikapu ibwera thuu koloko.

A Nambewe: "Tayesaninso kamodzi."

Ndati za chiyaninso. Ndaika kuti nkhani ithe.

Fwiii. Fwiiiii. Tenti! Mipando! Enelesi wowonda, atavala chitenje chofanana ndi cha mwamuna wake!

Disiki ikamazungulira imakoka moto wambiri. Batire losadzaza silingakwanitse. Zimenezi ndinkaphunzitsa teremu yachiwiri.

Ndiye taonera, anthu anayi: ine, a Nambewe, Amayi ndi Enelesi. Akulankhula malume. Kenako ankhoswe a kuchimuna. Kenako malume kachiwiri. Abambo ali pamzere wakutsogolo, chipewa pabondo, pakamwa tseke. Apa mpamene ndakumbukira: pachinkhoswe bambo wa mwana salankhula. Olankhula ndi ankhoswe. Sabata yonse ndakhala ndikulonjeza mudzi mawu a munthu amene mwambo unamukhazika chete. Ikanayenda dzulo, anthu akanamvera malume maola awiri.

Ndati: "Amayi, pepani. Mulibe mawu a Abambo muno."

Amayi: "Thamangitsa. Fika pa nkhuku."

Ndathamangitsa mpaka posinthana nkhuku, akuchimuna akupereka tambala, akwathu thadzi. Tambala wapulumuka m'manja mwa ankhoswe. Pamitu ya anthu, pansi pa mipando, wojambula akungozungulira. Abambo sakuoneka n'komwe. Akungomveka, pafupi, mokweza:

"Anachisale! Anachisale, tsekani uko, tambala wapita!"

Basi. Mawu onse ndi amenewo, akuitana Amayi.

Amayi aseka mpaka kugwira tebulo. Misozi mbwee. "Bwezera."

Ndabwezera. Enelesi watulukira kukhitchini, akuti utsi wamulowa m'maso, chonsecho moto sunasonkhedwe. Ndabwezeranso. Kanayi. Amayi akuyankha chapansipansi nthawi iliyonse: "Ndatseka, bambo."

Kachisanu ndafuna kubwezera, andigwira dzanja. "Basi, ndamva." Disiki mu mpango, mpango m'jumbo, jumbo m'jumbo inzake. Pikapu yaliza hutala kumsewu. Apita.

Mudzi ukudziwabe kuti malemu anakana. A Domingo akafalitsa mpaka ku Zobue. Zisiyeni.

Sikuluwu ija ikadali pawindo. A Tobiyasi akufuna disiki yawo.

A Nambewe ayang'ana dzuwa. Angotenga mkeka, auyala pomwe ndikuwaona, ayamba kuyanika mphale.