Kalona ka M'thumba la Jekete

Mukafika ku Imizamo Yethu, dera lathu la nyumba za malata kuno kudziko la eni, n'kufunsa dzina langa lenileni, anthu adzangokuyang'anani ngati mwasochera. Koma mukangoti mukufuna a Mzati, ngakhale mayi wokazinga zitumbuwa pakona adzakulozerani khomo langa uku akuseka. Dzinali sindinabadwe nalo ayi. Ndinachita kukaligula ndekha ku sitolo, nditavala jekete ya suti.

Ine ndimagwira ntchito ya m'munda wa maluwa pa nyumba ya adona ena ku Constantia. Nthawi imeneyo mtima wanga unali utagwa pa Linesi, woimba kwaya kutchalitchi kwathu. Iye anali atandilola kale, koma mukudziwa inu, kulola kwa mkazi ndi theka chabe la nkhani. Makolo ake ali ku Dedza, ndipo ananena kuti maso awo kuno ndi amalume ake, a Kamwendo, mkulu wa mpingo. Uthenga umene a Kamwendo akanatumiza kumudzi ndiwo ukanatsegula chinkhoswe kapena kuchitseka. Iwo anali atanena kale kuti ntchito yanga alibe nayo vuto, nkhope yanga aipirira, koma akufuna aone kaye chikhulupiriro changa.

Lamulungu lina m'nyengo yozizira a Kamwendo analengeza kuti Loweruka tikwera phiri la kuseri kwa Hout Bay, tikasale kudya ndi kupemphera kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mayi Phiri, amene ndi wamkulu pa azimayi onse ndipo saopa munthu, anakweza dzanja.

"Nanga mvula, abambo? Paja ino ndi nyengo yake."

"Mvula taipempherera kale, mayi," anatero a Kamwendo. "Amene akufuna kubwera ndi ambulera akhale kunyumba ndi ambulera wakeyo. Sitikwera phiri ndi anthu a mitima iwiri."

Pa mawu akuti mitima iwiri, maso awo anaima pa ine. Ndinati Amen mokweza mpaka mwana amene anali kumsana kwa mayi wina anadzidzimuka.

Vuto ndi lakuti ntchito yanga ndi yoyang'ana kumwamba. Kwathu mvula imabwera kukutentha, ndipo ili ndi ulemu, imayamba yagogoda ndi mabingu. Ya kuno imabwera kukuzizira, ikuyenda chammbali ngati yaledzera, ndipo ikakupeza pamtetete imakusambitsa mpaka m'makutu. Lachitatu adona anandionetsa pa foni yawo, pa Loweruka panali kamtambo kakuda ndi timadontho, n'kundiuza kuti ndisavutike kuthirira. Tsono Linesi ali ndi chifuwa chovuta, akangozizidwa amatsokomola mlungu wathunthu. (Ichi ndicho chifukwa chimene ndimauza anthu. Chinanso n'chakuti ineyo ndimadana ndi kunyowa kuposa mphaka.)

Ndinaganiza usana wonse uku ndikudulira maluwa. Ambulera sabisika. Chovala cha mvula chimalira ukamayenda. Kenaka ndinakumbukira kuti adona ndi amuna awo amakwera mapiri, ndipo akabwerako amayanika pa chingwe timatenti tawo, timene tikauma amatipinda n'kukhala kanthu kakang'ono. Ndinadziyamikira ndekha kuti mutu uwu sunangomera tsitsi lokha.

Lachinayi nditaweruka ndinapita ku sitolo ya zokwerera mapiri, nditavala jekete yomwe ndinkafuna kudzavala Loweruka. Anandilandira mayi wina wansangala, wa miyendo yolimba, woonekeratu kuti mapiri onse a kuno amamudziwa. Anandifunsa kuti tili angati, tikagona masiku angati, tidutsa njira iti.

"Madam," ndinatero m'Chingerezi changa cha ku ntchito, "ndikufuna chinthu choti mvula ikabwera chikhalepo, ikapanda kubwera pasakhale munthu wodziwa kuti chinalipo."

Nkhope yake inawala. Anati akatswiri onse a mapiri amafuna chimenecho basi. Ndinamva kukoma kutchedwa katswiri.

Choyamba anatulutsa tenti ya anthu awiri, yopepuka ngati paketi ya shuga, koma ikapindidwa yaitali ngati mkono wanga. Ndinapukusa mutu. Chachiwiri chinali thumba lalitali la mtundu wa lalanje, loti munthu amalowamo yense n'kutseka zipi mpaka kumaso. M'maganizo mwanga ndinaona Linesi atagona m'menemo pamwamba pa phiri, anthu a mpingo atamuzungulira akuimba. Ndinalibweza msanga. Chachitatu chinali kalona kobiriwira, kopyapyala ngati khungu la anyezi, kopindidwa m'kathumba kosaposa bango limodzi la mango a maboloma. Mtima unati ndi kameneka.

Mayi uja atatembenuka kuthandiza munthu wina, ndinakalowetsa m'thumba la m'kati mwa jekete n'kumanga mabatani. Ndinapita pa galasi. Ndinatembenukira uku ndi uku. Ndinakweza manja ngati tikuimba, ndinagwada ngati tikupemphera, kuti ndione ngati kakutupa pachifuwa. Ndili chigwadire, ndinamva dzanja paphewa. Anali mlonda wa sitoloyo, ndipo anandiyankhula m'Chichewa cha ku Machinga.

"Achimwene, ndinu akumudzi inu, ndakuonerani mayendedwe. Musandichititse manyazi pa ntchito. Tulutsani."

"Ayi achimwene, ndikungoyesa."

"Onse amene ndimawagwira pano amakhala akungoyesa."

Ndinamufotokozera nkhani yonse, ya Linesi ndi amalume ndi mitima iwiri. Anaseka mpaka anatsamira shelefu ya nsapato, kenaka anandiperekeza yekha kokalipira, kuopa kuti ndingayesenso china.

Apa ndi pamene mayi uja anandichenjeza, ndipo ndikuvomera kuti ndinamva bwinobwino. Anati kalonaka n'kopepuka chifukwa kalibe mizati, amakaimika ndi ndodo ziwiri zoyendera. Anandionetsa ndodozo, zachitsulo, zazitali, zoti ngakhale mutavala mkanjo simungazibise. Ndinati asadandaule, ndodo si nkhani. Mumtima ndinkaseka. Munthu wa ku Ntcheu kugula ndodo m'sitolo? Kwathu ndodo umathyola pomwe waima. Anawonjezeranso kuti ndikayambe ndayesa kukamanga kunyumba. Sindinayese, chifukwa woyandikana nane ndi wa kwaya, ndipo malata a nyumba zathu sasunga chinsinsi. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinauzidwa osafunsa n'komwe, koma phulalo ndinadyabe.

Loweruka kunacha ndi dzuwa. Tinali anthu asanu ndi anayi, a Kamwendo patsogolo ndi suti yawo yakuda. Ankati akakwera pang'ono n'kutembenuka, n'kuloza kumwamba.

"Mwaona?"

"Taona!" tinkayankha, ine mokweza kuposa onse, kalona kakundiwotcha pamtima.

Tinafika pa thanthwe lalikulu pamene amakonda kupempherera. Ndinayang'ana kumanja, miyala. Kumanzere, miyala. Pakati pake titchire tofika m'mawondo, ta masamba ngati singano. Mtengo panalibe ngakhale umodzi. Chowawa n'chakuti phiri limeneli ndimaliona tsiku ndi tsiku ndikukwera takisi, ndipo ntchito yanga ndi ya mitengo.

Tinaimba, tinapemphera. Dzuwa litafika pamutu, mphepo inatembenuka n'kuyamba kuchokera kunyanja yaikulu. Doko la nsomba limene tinkaliona m'munsi linazimiririka. Dontho loyamba linagwa pa dazi la a Kamwendo, iwo n'kungokweza mawu. Kenaka inangoti waa!

Palibe amene anasuntha, poti aliyense ankaopa kukhala woyamba. Dzanja langa linapita pa thumba, n'kubwerera. Ndikatulutsa, ukwati watha. Ndikapanda kutulutsa, ndanyamula chinthu ulendo wonsewu pachabe. Linesi anali ndi kajuzi kopyapyala pamwamba pa bulauzi ya kwaya. Anatsokomola koyamba, ndinatseka maso n'kupemphera zenizeni, mwina koyamba tsiku limenelo. Anatsokomola kachiwiri. Kachitatu anachita kugwira pachifuwa n'kuwerama, ndipo mantha a amalume anandithera pomwepo. Ndinamasula mabatani.

Pemphero linaduka pakati. Maso onse anali pa kathumba kobiriwira.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa a Kamwendo.

"Ndi kalona, abambo."

"Mwakatola kuti?"

"M'thumba mwanga, abambo."

"Kanalowamo kokha?"

"Ayi, abambo."

"Ndiye mwakwera phiri lino ndi mitima iwiri."

"Amalume," anatero Linesi mano akugundana, "mitimayo tikawerenga kunyumba. Asiyeni amange."

Ndikanakonda nkhani ikanathera apa, ine ndili ngwazi. Koma kalona kanafuna mizati. Ndinathamanga uku ndi uku pamvula ndikufuna ndodo, ndipo yaikulu imene ndinapeza inali ngati mpini wa supuni. Ndinayesa kukhoma tizikhomo take pansi, toyamba tiwiri tinapindika pa mwala. Nditakatambasula, mphepo inakalanda, ine n'kukadumphira chafufumimba ngati goloboyi, suti yonse matope. Anthu asanu ndi atatu ankandionerera akunyowa, ndipo sindinamvepo Amen.

Amene anatipulumutsa ndi Mayi Phiri. Anatikusira kuseri kwa mwala waukulu, analamula kuti mbali imodzi ya kalona tiipanikize pamwamba pa mwalawo ndi miyala, zingwe za m'mbali azigwire azibambo awiri. Inatsala mbali ya kutsogolo.

"Ndodo zake zili kuti, mwanawe?"

"Kulibe, mayi."

"Ndiye ima apa. Kweza manja. Gwira nsonga iyi ndi iyi. Usagwedere."

Ndi mmene ndinaimira, njo, manja m'mwamba, msana kumphepo, nkhope kwa anthu asanu ndi atatu opanikizana pansi pa denga la anthu awiri. Ine ndinali kunja. Madzi onse a padengapo ankatsikira m'manja a jekete, kudutsa m'khwapa, n'kukakumana m'nsapato. Akuluakulu sananame kuti mvula ikakuona litsiro sikata.

Posakhalitsa panadutsa azungu atatu akutsika mothamanga, aliyense ndodo ziwiri m'manja. Ndodo zisanu ndi imodzi, abale! Wotsiriza atandiona manja ali m'mwamba anaganiza kuti mzimu wandigwira, anafuula kuti, "Amen, brother!" n'kupitirira. Sindinathe ngakhale kumukodola, poti manja anali pa ntchito.

Pansi pa kalona a Kamwendo anayambiranso pemphero, ali ouma bwino. Anathokoza kuti Mulungu wapereka pobisala m'njira yodabwitsa, pogwiritsa ntchito ngakhale ofooka m'chikhulupiriro. Mpingo wonse unati Amen. Wofookayo anali ine, madzi akundilowa m'kabudula wam'kati.

A Kamwendo anakhala chakutsogolo, pafupi ndi mawondo anga. Anthu ali chitsinzinire, anawerama kuti akonze nsapato, ndipo ndinamva kaphokoso, tswa-tswa. Ndinayang'ana pansi. Pakhosi pawo, kuseri kwa kolala ya malaya, panasuzumira pulasitiki yakuda. Linali thumba la zinyalala, lija lalikulu, loboola pakati kuti mutu udutse, atalivala bwinobwino m'kati mwa malaya. Anakweza mutu, maso athu anakumana. Analibwezera m'kati ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono.

"Ndi lotolera zinyalala," ananong'ona. "Phiri tiyenera kulisiya laukhondo."

"Inde, abambo."

"Mwaona chiyani?"

"Maso anga adzaza mvula, abambo."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza pemphero. Ine ndinaluma mlomo mpaka unatupa, chifukwa ndikanaseka denga likanagwa.

Mvula inakata patapita nthawi yokwana kwaya kuimba nyimbo zake zonse n'kubwerezanso zina. Potsika manja anga ankakana kubwerera m'munsi, ndinayenda ngati nkhuku yoyanika mapiko. A Kamwendo sanandiyankhule ngakhale liwu limodzi. Ndinagona masiku atatu ndi chimfine, ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri si mutu ayi, koma kudziwa kuti Linesi ndamutaya chifukwa cha nzeru zanga zomwe.

Lachitatu madzulo Linesi anabwera ndi mandimu, iye osatsokomola n'kamodzi komwe. Anakhala pa mpando, n'kutulutsa foni.

"Amayi anditumizira uthenga umene amalume anatumiza kumudzi. Mumva?"

Ndinafunda bulangete kumutu. Mawu a a Kamwendo anamveka.

"Mnyamata uja ndamuona. Chikhulupiriro chake n'chochepa, ndaona ndi maso angawa. Nzeru zakenso n'zatheka, amagula denga n'kuiwala mizati. Koma mwana wathu atatsokomola, anatulutsa yekha chinthu chimene ankadziwa kuti chimuwonongera zonse. Ndipo anaima pamvula mpaka inakata, osatsitsa manja." Anakhosomola pang'ono. "Komanso ali ndi pakamwa posunga. Konzani chinkhoswe."

Ndinalira, ndisaname, ngakhale ndinanamizira chimfine. Linesi anandifunsa kuti za pakamwa posungazo zikutanthauza chiyani, ine ndinati sindikudziwa. Mpaka lero sindidziwa kuti pa zifukwa zija chinalemera kwambiri ndi chiti. (Kamwendo si dzina lawo lenileni. Mukawazindikira, maso anu adzaze mvula.)

Pa chinkhoswe Mayi Phiri ndi amene anayamba kunditchula a Mzati, ndipo dzinalo linamera mizu. Kalona kaja tikadali nako, kali pamwamba pa kabati. Mwezi wathawu tinkadutsa pa sitolo ija ndi Linesi, mlonda wa ku Machinga n'kundikwezera manja onse awiri ali pakhomo. Ndinaima, ndinati tsopano ndaphunzira, tilowe tigule ndodo zija.

Linesi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Za chiyani? Inuyo mukupita kuti?"

Sitinagule.