Nangondo Atula Dengu

Usiku watha ndinalota tabuleti yanga itavala jekete, ikundidikira pa siteji ya Lizulu ngati mlamu wobwera ndi mlandu. Siyani kaye bawoyo, a Zuze ndi a Kamwendo, sithawa. Nkhani za anthu ena ndakubweretserani zambiri, lero mumve yanga.

Tabuletiyi mukuidziwa, ndi ija ananditumizira mwana wanga Velina kuchokera ku Joni, imene ndimajambulira anthu ndi nkhani zawo m'maulendo angawa. Mukaiyatsa, pagalasi pamabwera malemu akazi anga Nangondo, ataima pakhomo pathu, dengu la kabichi lili pamutu, akumwetulira. Velina ndiye anawaika pamenepo maliro atangotha. Tsono mukudziwanso kuti Loweruka ankhoswe anga akupita kwa Mai Esinala, ogulitsa tomato aja, kukamanga za ukwati. Dzana mayiwo anandiuza mosapsatira.

"Bambo a Velina, mitala ndi munthu wamoyo mwina ndingaipirire, koma ndi wa pagalasi ayi. Mukayatsa chinthu chanucho amandiyang'ana, ine n'kusowa koloza maso. Akakhala pomwepo mpaka Loweruka, ankhoswe anu asavutike ndi ulendo."

Ndinayesa kusintha chithunzicho, chala chinakana. Mumtima ndinkati ndikawachotsa pamenepo ndiye kuti ndawaika m'manda kachiwiri. Ndinagona nazo choncho.

Ndiye kutuloko tabuleti ija ikuti, "Madala, mwachedwa. Kwerani."

Ine ndikuti, "Ndikwere chiyani?"

Ikuti, "Ineyo, nanga mukuona galimoto ina?"

Ndiye ndinaponda pagalasi, phazi linangolowa ngati m'matope a kudambo, mwadzidzidzi ndili m'minibasi, ndapanikizana ndi timabokosi tija timandanda pagalasi. Wotchi yandikhalira pamiyendo. Wailesi ikukukuta chimanga chootcha osagawirako mnzake. Kamera ikundipenyetsetsa ndi diso lake limodzi, ikuti, "Awa ndi aja amandipukuta ndi malaya a thukuta." Kondakitala anali batire, atafiira psuu, akupuma mwawefuwefu.

"Adalaiva thamangani, ine ndatsala pang'ono kukomoka! Otsika pa Giya! Giya alipo?"

Ndiye ndinatsika pa Giya. Chipata chake ndi giya ya njinga yaikulu ngati nyumba, ikuzungulira yokha, ndipo anthu ankati zonse za m'tabuleti zimasinthidwira kumeneko. Ndinadutsa pakati pa mano ake, ndiye ndangoona ndili mu Ofesi ya Zithunzi. Kuseri kwa tebulo kwakhala bwana wa tayi, nkhope yake yosaseka.

"Vuto lanu, bambo?"

"Ndimati ndisinthe chithunzi, bwana."

"Kusintha! Mwafika pamalo pake."

Akunena choncho, diso lina linayang'ana kudenga, lina kunsapato zanga. Khungu linayamba kubiriwira, mchira unatulukira kunsi kwa jekete n'kudzipinda, mwadzidzidzi pampando pali bilimankhwe, tayi ili m'khosi. Anatambasula dzanja pang'onopang'ono, n'kulibweza, n'kulitambasulanso.

"Chatsopanocho chikhale pati?" akutero. "Pakhonde, pamene mumafikira musanatsegule? M'nyumba, mukatsegula? Kapena konsekonse?"

Apo nzeru zinandibwerera, ndikuti ndapeza njira. "Bwana, nanga Nangondo atakhala pakhonde, Esinala n'kukhala m'nyumba?"

Mlembi wamkazi amene anali pambali anagwetsa cholembera, anamera nthenga zamawangamawanga, nasanduka nkhanga. Anakwera pa kabati akukuwa, "Mitala! Mitala! Mitala!" Ofesi yonse inaseka, mpaka mipando inagwira m'mimba. Bilimankhwe anafiira ndi manyazi anga, akuti, "Iyi yandikulira. Kaonaneni ndi akuluakulu."

Ndiye akuluakuluwo ndinawapeza m'chipinda chozizira, mkulu wadazi, khosi lamakwinya. Ndikupereka moni, msana wawo unauma n'kukhala chigoba, ndiye ndikulankhula ndi kamba wovala magalasi.

"Akuchikazi anakusudzulani?" akufunsa.

"Eya, bwana. Titameta maliro anakhala pansi, anandimasula mwamwambo kuti ndikhoza kukwatira. A Zuze analipo."

"Chabwino. Nanga inuyo mayiwo munawasudzula?"

Kamba uja analowetsa mutu m'kolala ya malaya, kuchokera m'katimo akuti, "Ofesi yatseka."

Mwadzidzidzi chala chachikulu chinatsika kumwamba, chala changa chomwechi, chikhadabo chosweka chomwechi, n'kukankha chipinda chonse kupita kumanzere. Ndiye ndaima pakhomo panga, dzuwa lili phwee. Patsogolo pa chitseko paima Nangondo, dengu pamutu, kumwetulira kuli pomwepo.

"Mwafika?" akulankhula mano ali pamtunda, milomo osasuntha. "Musangoti kakasi, bambo a Velina, tanditulani. Khosi latha ili."

"Nangondo, ndinudi?"

"Ayi, ndi azakhali anu. Zaka zonsezi ndili chiimire ndi kabichiyu! Mukafuna kudziwa nthawi, ndimwetulire. Minibasi ikakuferani pa Zalewa, ndimwetulire. Mpaka kuchimbudzi mumandiyatsa ngati tochi, munthu wamkulu ngati inu! Ndiye onani, wotchi yanuyi munandikhazika pamphumi, kamera pachifuwa. Kodi ndinasanduka shelefu?"

Ndikuti, "Ndimaopa kuti ndikakuchotsani mutayika."

Anaseka mpaka dengu linagwedera. "Nditayike ine? M'banja muno wotayika anali ndani? Si uja ankati ndikukagula mchere, n'kubwera mwezi utatha ndi nkhani za asodzi a ku Chilwa, mchere palibe? Tatcherani khutu kuseriku."

Ndinatchera. Kuseri kwa nyumba, kumene kunali nkhokwe yathu, kunkamveka phokoso ngati la pachinkhoswe. Ndinasuzumira, ndiye muli anthu onse amene ndinawajambulapo. Woimba gitala wa pa sitima ku Balaka akukung'untha nsambo. Mayi wa ku Nsanje uja, amene amati ng'ona inamuolotsa Shire n'kukana malipiro, akufotokozanso nkhani yake, ng'onayo yakula kawiri. Mchemwali wawo wa Nangondo akugawa thobwa. Ngakhale mbuzi yathu ija inabedwa inalimo, ikudya chitenje cha munthu.

"Ndiyo nkhokwe ya zithunzi imeneyo," akutero Nangondo. "Aliyense ali m'menemo akucheza, ine ndekha ndili panja ngati mlonda wa golosale. Ndilowetseni. Mukandisowa muzibwera, muziodira ngati munthu, ndizikuyankhani."

Ndiye ndinagwira dengu lija. Kulemera kwake, anzanga, ngati matumba awiri a simenti. Nditalitula, makabichi anagubuduka kulowera kumsewu, lililonse likuti, "Zikomo, zikomo, tapita." Nangondo anakhala pansi pakhonde, anatambasula miyendo, anadzisisita khosi. Kumwetulira kwa pachithunzi kuja kunachoka, kunabwera nkhope yawo yeniyeni, ija yotopa ya madzulo akaweruka kudimba, diso limodzi likundiyeza ngati ndanama. Nkhope imeneyo ndinali nditaiiwala. Misozi inangoti mbwee.

"Musalire, mudzimbiritsa galasi," akutero. "Khalani apa."

Ndinakhala. Ndikuti, "Ndiye pamalo panupa ndiike Esinala?"

"Aa, inu! Mayi aja amakhala chiimire tsiku lonse pamsika, mukufuna akaweruka aziimanso pagalasi? Asiyeni apume. Ndi munthu wabwino, kungoti muwauze kuti tomato wofewa amene amabisa pansi pa mulu ndimamuona."

"Nanga ndiike chiyani? Chithunzi cha phiri la azungu chija chinabwera ndi tabuleti?"

Anatembenuka n'kumenya chitseko ndi chikhatho. "Ichi. Chitseko chomwechi. Mukayatsa muli ku Karonga, kaya ku Tete, muziona chitseko, muzikumbuka kuti kuseri kwake kuli munthu akudikira mchere. Ine ndinadikira mokwanira. Mnzangayo musamuyese choncho."

Chitseko chinatsokomola, chikuti, "Ine kuima ndi ntchito yanga, sindidandaula. Bola mahinjesiwa muziwathira mafuta."

Mwadzidzidzi bilimankhwe uja ali padenga, tayi ikulendewera. "Tamva, tamva. Pakhonde, m'nyumba, kapena konsekonse?"

"Konsekonse!" Nangondo anayankha ine ndisanayasamule. "Awa mutu wawo ndi wouma, kamodzi sakumva."

Ndiye batire uja akukuwa kumsewu kuti akukomoka tsopano, zamasewera ayi, zenizeni, dzuwa linayamba kuzilala ngati nyali yotha mafuta. Nangondo anadzuka, anakung'untha chitenje, ananditsina tsaya monga ankachitira tili achinyamata. Analowera kunkhokwe kuja, ndinamva mchemwali wawo akululutira, gitala n'kukwera. Ine ndinatsala ndi chitseko, chikungoti khwee, khwee, khwee.

Ndinatsegula maso, kunja kwayera. Khwee, khwee. Inali mbuzi ya aneba, ikudzikanda nthiti pachitseko changa.

Sindinasambe n'komwe. Ndinatuluka, ndinaithamangitsa, ndinajambula chitseko, ndinalowa pa giya paja, chala sichinakane. Tabuleti itafunsa funso lija la bilimankhwe ndinayankha monga Nangondo anandiuzira. Nayi, onani nokha. Chakudachi pakonapa ndi mchira wa mbuzi, inabwereranso. Kunkhokwe ndapitako kale, ndinaodira. Alimo, pakati pa mchemwali wawo ndi wagitala uja.

Tsono a Zuze, ankhoswe anga, jekete lanu lija lichapidwe, Loweruka ulendo ulipo. Ine ndiyambe ndadzera kwa Mai Esinala ndikawaonetse, kenako ndikagule mchere. Musandiyang'ane choncho, a Kamwendo. Pagolosale pomwepa, mukundiona.