Kufunsira mwera ku Ulaya

Lolemba

Pakamwa pangapa pandiika m'mavuto. Dzulo kwa apongozi ku Nkope anthu akukamba za boti lawo lomwe linatsala pang'ono kumira ndi mwera mwezi watha, ine ndinangoti, "Zimenezo kompyuta ikhoza kumaneneratu." Palibe anandifunsa. Mphunzitsi wa kompyuta wochokera ku Dedza, munthu wosadziwa n'kusambira komwe, kulangiza apongozi anga, Che Saidi, za nyanja. Iwo anapukuta m'manja n'kunena kuti, "Loweruka mudzationetse, aphunzitsi. Alovi onse adzakhalapo."

Ndiye ndili pano ndi laputopu. Dongosolo lake:

1. Kulemba kapulogalamu kotumiza funso pa intaneti ku seva ya zanyengo ya ku Ulaya. Seva, monga ndimawauzira a Fomu 3, ndi kompyuta yomwe ntchito yake ndi kuyankha mafunso a makompyuta anzake.
2. Yankho likabwera, kalisandutse Chichewa.
3. Kalitumize pa foni ya apongozi ndi ya Che Yusufu, woyendetsa boti lawo.
4. Ndiyambe kupatsidwa ulemu.

Mizere khumi ndi iwiri basi. Ndatumiza funso loyamba. Yankho: 401. Tanthauzo lake, "Ndiwe yani?" Sekondi imodzi yokha funso lafika ku Ulaya, andinyoza, labwerera ku Mangochi.

Lachiwiri

Akuti ndikhale ndi kiyi, mawu achinsinsi oti funso lililonse lizinyamula kuti andizindikire. Kiyi amapereka ukadzaza fomu. Dzina la kampani? Ndalemba kuti Mkamwini. Antchito angati? Mmodzi.

Kiyi yabwera pa imelo ya pa foni, zilembo ndi manambala 32 zosakanikirana ngati matemba pa thandala. Ndikukopera pamanja kupita pa laputopu. 401. Kachiwiri, 401. Kachitatu ndaona kuti chomwe ndimayesa O ndi ziro. Kachinayi magetsi athima, ndipo batire ya laputopuyi imakhala mphindi zisanu ndi zinayi ikakhala kuti yasangalala.

Madzulo magetsi ayaka. Ndatumiza. 200! Nambala imeneyi ndiye "chabwino, nali yankho lako." Yankho lake ndi chimulu cha manambala ndi timizere topindika, koma ndavina ndekha pabalaza.

Asiyatu, mkazi wanga, akusankha mpunga pakhomo osatembenuka n'komwe: "Ndiye mwera ukubwera kapena ayi?"

Sindinafike pamenepo.

Lachitatu

Maganizo abwino m'mawa: pulogalamu izifunsa yokha ola lililonse. Ndalemba mzere woti izibwereza. Mzere woti izidikira ola limodzi isanabwereze, ndaiwala. Ndaisiya ikugwira ntchito mu sitafurumu, ndapita kukaphunzitsa.

Maperiyodi awiri. Pobwera, sikirini yonse yadzaza ndi 429, 429, 429, mpaka pansi. Tanthauzo lake, "Wafunsa mokwanira, tapuma." Pulogalamu yanga yakhala ikugogoda pakhomo la anthu kangapo pa sekondi, funso lake lomwelomwelo, ngati woledzera wosochera nyumba. Anditsekera mpaka mawa.

Zomwe zatha lero:
bandulo ya mwezi wonse,
batire,
chidwi cha a Kumwenda a masamu, omwe ndinawauza kuti adzaone zodabwitsa. Aona. Akuti, "Bola ife choko sichititsekera."

Lachinayi

Anditsegulira. Ndaika mzere wodikira, ndagula bandulo ina. Zonse zikuyenda, ndipo Chichewa chake chikutuluka bwino kwabasi: "Lero kutentha kwambiri, madigiri 41. Mphepo yochepa. Kunja kuli fumbi."

Ndikuwerenga zimenezi nditavala juzi ndi masokosi awiri, pakuti uno ndi mwezi wozizira. Ndakayikira pang'ono. Koma ndine yani ine kutsutsana ndi seva ya ku Ulaya? Mwina kutentha m'masana. Uthenga wapita pa mafoni onse awiri.

Cha m'ma 2 koloko mwera wayamba. Malaya anga omwe anali pa chingwe ali kwa aneba. Chitseko cha chimbudzi chikuwomba m'manja.

Cha m'ma 5 Asiyatu walandira foni. Apongozi sanalabadire uthenga wanga, iwo anayang'ana kumwamba m'mawa n'kuuza anthu kuti asalowe m'madzi. Koma Che Yusufu anaukhulupirira. Anatenga boti laling'ono ndi anzake awiri kukaonjola ukonde. Mafunde awapeza pakati. Abwerera akukapa madzi ndi chidebe ndi chipewa, nkhafi imodzi yapita, nyali ziwiri zapita. Anthu onse atatu ali moyo.

Ndakhala pa mpando nthawi yaitali osakhudza laputopu. Che Yusufu ali ndi ana anayi. Apa palibe choseketsa.

Uthenga wa apongozi kudzera mwa mwana wawo: "Auzeni aphunzitsi kompyuta yawoyo aziitulutsako panja izionako kunja."

Lachisanu

Ndapeza vuto. Funso limanyamula manambala awiri osonyeza malo pa mapu a dziko. Ife tili kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati, choncho nambala yoyamba imafunika kamzere kochotsera kutsogolo kwake. Kamzere kamodzi, kochepa kuposa usipa. Sindinakaike. Ndaika manambala anga pa mapu kuti ndione komwe ndakhala ndikufunsira. Ku Sudan. Sabata yonse ndakhala ndikulondera nyengo ya anthu a ku Sudan, omwe sanandipemphe, ndipo alibe boti ku Nkope.

Seva sinalakwe. Ndinafunsa zopusa, inayankha mwaulemu.

Ndaika kamzere. Tsopano ikuti kukuzizira ndipo kuli mphepo. Ndasuzumira pa windo: kukuzizira, kuli mphepo.

Ndaimbira Che Yusufu kupepesa. Akuti, "Palibe kanthu, aphunzitsi, Mulungu anatisunga. Koma nyali zija ndi za apongozi anu." Lero ndi tsiku la Juma, ndiye nkhani yatuluka mu mzikiti pamodzi ndi anthu. Wogulitsa mandasi pa geti ya sukulu wandifunsa ngati mawa avale juzi kapena apite ku Sudan.

Loweruka

Minibasi mpaka pa siteji, kabaza mpaka ku Nkope, nyali ziwiri zatsopano pa miyendo. Alovi akhala pa mthunzi pafupi ndi mathandala oyanikira nsomba, oposa makumi awiri. Ena sali alovi n'komwe, angomva kuti kubwera wa ku Sudan. Apongozi pa mpando, manja pa ndodo.

Ndatsegula laputopu, ndalumikiza ku foni. Netiweki kadontho kamodzi. Funso lapita, silikubwerera. Pulogalamu yadikira masekondi makumi atatu n'kunena kuti nthawi yatha. Kachiwiri, chimodzimodzi. Batire yatsala mphindi zisanu.

Ndayamba kuyenda mumchenga, foni m'mwamba, laputopu pa mkono ngati mwana wodwala. Wina akuti pa chulu ndiye pamagwira. Chulu chili kutali. Ndaona boti lovundikira pamtunda, ndakwera pamsana pake ndi nsapato zanga za ku tchalitchi. Timadontho titatu. 200!

Ndawerenga mokweza: "Mwera wamphamvu uyamba masana ano mpaka mawa. Musalowe m'madzi."

Apongozi, mofatsa: "Zoona zimenezo, aphunzitsi. N'chifukwa chake maboti tinakokera kumtunda m'bandakucha. Limene mwapondalo ndi la Che Yusufu."

Ndayang'ana uku ndi uku. Maboti onse ali pamtunda, ovundikira, ena atsamiritsidwa ndi miyala. Ndinawadutsa pobwera. Che Yusufu wandigwira dzanja potsika kuti ndisagwe, ndipo laputopu yathima ndisanaponde pansi.

Lamulungu

Mwera ukuwomba monga tinanenera tonse awiri, ine ndi apongozi, iwo poyamba.

Pulogalamu ndaithimitsa. Ku tchalitchi ndakhala kumbuyo.

Masana apongozi aimba, pa foni yanga, osati ya Asiyatu. Akuti chinthu chimodzi pa zonsezi chawasangalatsa: uthenga kufika pa mafoni a anthu nthawi imodzi. Iwo maso anafooka, timabatani ta foni sationa bwino, ndipo kuyenda khomo ndi khomo kuuza alovi kumawapweteka mawondo. Ndiye kuyambira mawa, akamachoka ku mzikiti ku swala ya m'mawa aziyang'ana kumwamba, azindiimbira, ine ndizilemba zomwe anena n'kutumizira alovi onse.

Ndafunsa ngati ndiziwonjezerako za ku Ulaya. Akuti ayi, ndizingolemba.

Ndatchera alamu pa hafu pasiti folo.